Dzimbiri pa Mfuti ya Rigoberto

Rigoberto Salguero sanapereke n'komwe moni. Anangolowa m'shopu ya Don Nazario Aldana thukuta lili kamukamu, n'kusolola mfuti m'chiuno. Anachotsa zipolopolo monga mwa lamulo la pakhomopo, naigoneka patebulo pakati pa matupa ndi nsanza za mafuta.

"Kachitatu aka, Don Nazario. Kachitatu!"

Don Nazario anapukuta manja pa epuloni. Anali atakonza mfuti za m'chiuno kwa zaka makumi anayi kuno ku Zacapa, ndipo ankadziwa kuti munthu wopsa mtima umayamba wamuleka atulutse mpweya wonse. Ananyamula mfutiyo n'kupita nayo pazenera.

Zinali monga ankaopera. M'mbali mwa chogwirira, pamene thabwa limakumana ndi chitsulo, munali mzere wofiira wa dzimbiri. Kathabwa ka kumanzere kanali katadzuka pang'ono, moti chikhadabo chinkalowa. Mitu ya masikuluwu inali itafiira, ndipo kachitsulo kotsekera mfuti kuti isaombe yokha kanali katalimba.

"Wakhala ukuisunga pati?" anafunsa mkuluyo.

"Funso lomwe lija! M'kabati, m'nsalu ya mafuta, monga munandiuzira. Pambali pake pamagona chimfuti changa chakale chija ndinagula kwa wogulitsa ng'ombe. Chilibe ndi kadontho komwe ka dzimbiri. Chotchipa chili bwinobwino, koma ya mmisiri wamkulu ikuola ngati papaya."

"Usanaigwire umasamba manja a tchiziwo?"

"Ndimasamba mpaka mkazi wanga akubisa sopo."

Rigoberto anali wopanga tchizi, monga analili malemu bambo ake, Don Casimiro. Chaka chatha anabwera kudzapempha mfuti yakeyake, yopimidwa m'dzanja lake, yoti akaonekere nayo pa chionetsero cha okwera akavalo cha mu Disembala. Kwathu kuno mwamuna akakwera kavalo tsiku limenelo, anthu amayang'ana zinthu zitatu: chipewa, lamba ndi mfuti. Chipewa ndi lamba amangoziona n'kudutsa, koma pa mfuti amafunsa kuti waikonza ndani. Don Nazario anagula zitsulo zake ndi mapepala a boma onse, n'kukhala nazo pansi miyezi isanu. Anapala chitsulo chilichonse ndi tupa mpaka chinakhala m'chinzake popanda kugwedera, anasalaza, n'kuidetsa yonse mpaka inkaoneka ngati khala lonyowa. Thabwa la chogwirira anabwera nalo ndi Rigoberto mwini, atalikulunga m'thumba la chimanga.

Mfutiyo inatuluka m'shopu mu Epulo ikunyezimira, ndipo amene anaiona anaimba mluzu. Mvula itayamba mu Juni inabwerera ili ndi dzimbiri. Don Nazario anaipala, naidetsanso. Inabwereranso mu Ogasiti. Tsopano Okutobala anali kutha.

"Dzulo ndinali kometetsa kwa Tulio," anatero Rigoberto, mawu atatsika pang'ono. "Anandipempha kuti aione. Yayenda m'manja mwa amuna asanu ndi awiri, Don Nazario. Wina wati ndiitengere ku likulu kwa anyamata a makina. Wina wati maso anu anapuma kalekale, mwangotsala inuyo kuwatsatira."

"Wanena zimenezo ndani?"

"Sindinabwere kudzachita miseche."

"Ndi Tulio," anatero Don Nazario. "Munthu woti amandimeta khutu limodzi m'mwamba, lina m'munsi, lero akudziwa za maso."

Anaseka, koma mawuwo anawalasa. Mmisiri alibe munda wina woposa dzina lake, ndipo kometetsa kwa Tulio n'kumene maina a m'tauni muno amakwera ndi kutsika. Analoza panja, pamene chikwangwani chawo chabuluu chinkalendewera pamwamba pa chitseko.

"Undipatse mpaka Loweruka, mwana wa Casimiro. Vuto likapezeka m'manja mwangamu, chikwangwani icho nditsitsa ndekha. Udzachinyamule ukapatse Tulio azikhalira makasitomala ake."

"Sindinanene kuti mutseke shopu."

"Ndanena ndine."

Rigoberto atangotuluka, chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Doña Eduviges, akazi a Don Nazario, anali atamva zonse, popeza khoma la pakati pa shopu ndi nyumba silinabisepo nkhani. Awiriwa ankaitanana Chayo ndi Vijes.

"Chayo, nkhalamba yanga, pakamwa panu pamathamanga kuposa miyendo. Mukatsitsa chikwangwanicho muzidzatani? Kundizungulira m'khitchini muno tsiku lonse? Ndiye bola nditsitse changa ndine."

"Taona apa, Vijes," anatero amuna awo, ngati sanamve.

Anali atamasula kale masikuluwu n'kuchotsa timatabwa tiwiri tija. Pansi pake chitsulo chinali chitadyeka, koma chimene chinawagwira mtima chinali kaonekedwe ka dzimbirilo. Linali litatsata kathabwa ndendende, ngati munthu wajambula ndi pensulo. Pamene thabwa lathera, dzimbiri nalo lathera. Kwina konseko mfuti inali yakuda bwino monga anaiperekera.

"Dzimbiri la mvula silidziwa malire," anatero. "Limagwa paliponse. Ili likuyenda ngati lili ndi mapu."

Kunena zoona, mantha anali nawo, koma chidwi chinaposa mantha. Don Nazario ndi munthu uja amatha kuiwala chakudya chifukwa chofuna kudziwa chimene chikulizitsa chitseko. Tsiku lomwelo anadula tizitsulo titatu, natisalaza mpaka tinkaonetsa nkhope. Kamodzi anakadetsa ndi mankhwala omwe aja anadetsera mfuti. Kachiwiri anakapaka mafuta omwe aja anapaka timatabwa. Kachitatu anakasiya kosapaka kanthu. Tonse anatipachika pakhonde la kuseri, pamene chinyezi cha mtsinje wa Motagua chimafika m'mawa uliwonse.

Lachitatu m'mawa anakatiyang'ana. Panalibe chilichonse. Mankhwala analibe mlandu, mafuta nawonso analibe mlandu.

Anabwerera m'shopu akukanda m'mutu, n'kuyamba kutulutsa zida zonse zimene anagwiritsa pa ntchito ya Rigoberto. Ali mkati mofufuza anapeza tupa wamng'ono wa mano osalala, amene amamalizira naye ntchito za thabwa. Anali wofiira ndi dzimbiri. Anzake onse a m'bokosi lomwelo anali oyera.

Anakhala pampando, tupayo ali m'manja. Tupa ameneyu ndi amene anagwira nthawi yaitali kuposa onse, masiku atatu athunthu akusema timizere ta pa chogwirira. Ndiye anakumbukira nkhani imene amisiri akale ankanena, yoti pali anthu a manja a dzimbiri, amene thukuta lawo limadya chitsulo. Mphunzitsi wawo anachotsapo munthu ntchito chifukwa cha zimenezo. Ankati ena amabadwa nawo, ena amawapeza atakalamba, magazi akasintha. Ndipo Don Nazario anali atayamba kumwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi mu Januwale, pamene ntchito ya Rigoberto inali pakati.

Anayang'ana zikhato zawo kwa nthawi yaitali. Kenako anatenga kachitsulo koyera kaja, nadindapo chala chachikulu mwamphamvu, n'kukakabwezera pakhonde.

Chakudya cha masana sanachikhudze. Doña Eduviges anawakankhira mbale ya nyemba ndi matotiya otentha, timikate ta chimanga.

"Idyani. Dzimbiri silithawa."

"Ngati ndi manja angawa, Vijes, ndiye kuti chilichonse ndagwira chaka chino chikuola m'makabati a anthu. Sanabwere chabe."

"Nanga ine bwanji sindinachite dzimbiri? Zaka makumi anayi ndi zitatu mukundigwira."

"Iwe si chitsulo."

"Funsani anthu a pamsika, akuuzani."

Lachinayi m'mawa Don Nazario anadzuka n'kulunjika pakhonde asanamwe khofi. Pakachitsulo paja panali chidindo cha chala, chofiirira, mizere yake yonse ikuoneka. Mtima unawagwa. Anapita kuseri kwa khola la nkhuku, natenga makwerero, n'kukawatsamiritsa pakhoma pansi pa chikwangwani. Sanakwere. Anangoima potero, akuwerenga dzina lawo ngati la munthu wina.

"Mwatembenuza kachitsuloko?" anafunsa Doña Eduviges ali pakhomo, kapu ya khofi ili m'manja.

"Kutembenuza bwanji?"

"Inu mumati ndinu wofufuza. Katembenuzeni."

Anapita kukatembenuza. Kuseri kwake kunali chidindo china, chaching'ono, chofiira chimodzimodzi.

"Chala changa chimenecho," anatero mayiyo. "Ndinadinda dzulo mutapita kukagona masana. Ndiye ngati inu muli ndi manja a dzimbiri, inenso ndili nawo, wansembe ali nawo, Tulio ali nawo. Nyengo ya mvula chala cha aliyense chimasiya chizindikiro pa chitsulo chosapaka mafuta. Munandiphunzitsa ndinu, chaka chimene munandikalipira chifukwa chogwira mpeni wa kasitomala uja, Don Anselmo."

Don Nazario anayang'ana zidindo ziwirizo, kuno ndi uko. Anachita manyazi, koma mpweya unabwerera m'chifuwa.

"Ndiye si manja," anatero pang'onopang'ono. "Si mankhwala, si mafuta. Nanga n'chiyani?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imwani khofi. Ndipo makwererowo muchotse, anthu ayamba kufunsa."

Makwerero sanawachotse. Lonjezo linali la Loweruka, ndipo yankho anali asanalipeze. Tsiku lonselo anazunguza timatabwa tija m'manja. Anatipima ndi chopimira, napeza kuti tatupa kuposa mmene anatisemera. Thabwa kutupa nthawi ya mvula si nkhani, koma ili linali litatupa mopitirira, komanso linkamveka lozizira ngati lanyowa, chikhalirecho linagona m'nyumba. Analinunkhiza, koma linkangonunkha mafuta awo omwe. Linali la mkungudza, wofiira bwino, wa mizere yopotana yokongola kwambiri. Anakumbukira kuti tsiku limene Rigoberto analibweretsa, iwo anadabwa kulemera kwake, chifukwa mkungudza sulemera chotero. Anadabwa, koma maso anali atakomedwa ndi mizere ija.

Yankho linabwera Lachisanu, ndipo silinabwere ndi munthu.

Doña Eduviges ali ndi mbuzi ya mkaka dzina lake Duquesa, mbuzi yopanda ulemu imene inadyapo kalendala ya tchalitchi. Cha m'ma teni koloko m'mawa kunamveka phokoso kuseri kwa shopu, kumene Don Nazario amataya zidutswa za matabwa m'bokosi.

"Chayo! Mbuzi iyi ndiigulitsa! Yabwereranso m'bokosi lanu lija. Chiyambire Epulo, ndikangoimasula, ulendo wa kubokosi. Kaya munabisamo chiyani."

Don Nazario anatuluka ndi tsache kuti akaithamangitse, koma atafika anaima. Duquesa inali itagwetsa bokosi, zidutswa zili mbwee pansi. Panali zidutswa za mitengo yamitundumitundu, koma mbuziyo inkazikankha ndi mphuno, n'kusankha kamodzi kokha. Sinkakatafuna. Inkakanyambita, maso atatsinzina, ngati mwana amene wapatsidwa switi.

"Usaimenye," anatero Don Nazario kwa akazi awo, atakweza dzanja. "Taima kaye."

Anayandikira mwakachetechete, n'kulanda kachidutswako. Kanali kotsala pa thabwa la Rigoberto, ndipo mbali imodzi inali itasalala ndi lilime la mbuzi. Anakatembenuza kumene mbuzi sinafike, anakapala pang'ono ndi mpeni, n'kukaika pa lilime.

"Mwayamba kulimbirana chakudya ndi mbuzi?" anafunsa akazi awo.

"Mchere," anatero Don Nazario. "Vijes, thabwali ndi mchere wokhawokha! Talawa."

"Ine ayi. Ndine mkazi wa ulemu wanga."

"Talawa, ndakupemba."

Mayiyo anapukuta kachidutswako pa diresi, nakagunda ndi nsonga ya lilime. Analawanso kachiwiri. Nkhope yawo inasintha.

"Si mchere wokha uwu. Muli kuwawasa kwa mkaka. Chayo, uyu ndi tchizi wa Don Casimiro. Ndamugula zaka makumi atatu, sindingamusokoneze ndi wa munthu wina."

Don Nazario anakhala pansi pabokosi lija n'kuyamba kuseka, mpaka misozi. Zonse zinagwirizana. Mchere umakoka chinyezi. M'chilimwe thabwa linagona phee, mfuti n'kumaoneka bwino. Mvula itagwa mcherewo unadzuka, thabwa linatupa, madzi amchere n'kumatsikira pa chitsulo usana ndi usiku. Iwo ankapala dzimbiri n'kubwezerapo thabwa lomwelo, ngati munthu wochapa bala n'kulimanganso ndi nsanza yakuda.

Koma kuseka kuja kunatha. Chimodzi chinali chisanamveke. Munthu wanzeru zake angatengerenji thabwa lamchere kukapangira mfuti, n'kusanena?

Loweruka sanadikire kuti Rigoberto abwere. Anakulunga mfuti ndi timatabwa take m'nsalu, nakwera basi ya m'mawa yopita kumafamu a ng'ombe. Anamupeza m'nyumba yopangira tchizi, manja ali m'beseni mpaka m'zigongono. Pakati pa chipindacho panali chofinyira tchizi chatsopano chachitsulo chosachita dzimbiri. Koma Don Nazario maso awo anali kwina. Panja, pansi pa denga la khonde, panali chofinyira chakale chamatabwa, chakuda ndi ukalamba, ndipo thabwa lake lapansi linali lodulidwa mbali imodzi ndi sowo.

"Mwabwera kudzandiuza kuti mwatsitsa chikwangwani?" anafunsa Rigoberto akupukuta manja. Sanafunse monyoza. Ankaoneka kuti nkhaniyo yakhala ikumusowetsa mtendere.

"Ndabwera kuti unyambite mfuti yako."

"Mwati bwanji?"

Don Nazario anamupatsa kathabwa kamodzi, atakapala mkati mwake. Rigoberto anayang'ana kathabwako, nayang'ana mkuluyo ngati akufuna kuona ngati dzuwa lawalowa m'mutu. Kenako anakaika pa lilime. Anaima chilili, maso ake n'kupita okha pakhonde paja.

"Chofinyira chija chinagwira ntchito zaka zingati?" anafunsa Don Nazario.

"Makumi anayi ndi zisanu. Bambo anachipanga asanakwatire."

"Zaka makumi anayi ndi zisanu thabwa likumwa madzi amchere m'mawa ndi madzulo. Ndiye iwe n'kulitenga kukaligoneka pa chitsulo. Ngakhale mngelo akanaikonza mfutiyi, ikanachita dzimbiri."

"Ndinalichapa," anatero Rigoberto motsitsa mawu. "Ndinaliyanika padzuwa mwezi wathunthu."

"Unachapa khungu. Mchere uli m'mafupa. Bwanji sunandiuze, Rigo?"

Rigoberto anakhala pa chitini cha mkaka chovundikira. Ndi munthu wamkulu thupi, wa ndevu zake, koma nthawi imeneyo ankaoneka ngati wachepa.

"Mukanandiseka. Inu munkawadziwa bambo."

"Ndinkawadziwa. M'tauni yonse ino ndi mwamuna yekhayo amene sanalowepo m'shopu mwanga."

"Eya, n'zimenezo. Moyo wawo wonse sanagwirepo mfuti. Pa chionetsero amuna onse ali ndi mfuti zonyezimira m'chiuno, iwo ali pa kavalo ndi mpeni wodulira tchizi. Anthu ankakuwa kuti, 'Casimiro, akuba akabwera udzawadulira tchizi?' Iwo n'kumangovula chipewa, kumaseka nawo. Ine ndili mwana ndinkabisala kuseri kwa galimoto ndi manyazi. Ndinawafunsapo kamodzi. Anati, 'Chimene wanyamula m'chiuno n'chimene umaganiza kugwiritsa ntchito. Ine ndimaganiza za tchizi.'" Rigoberto anapukuta mphuno ndi mkono. "Atamwalira ndinati ayi, chaka chino akwera nane. Akadutse pamaso pa anthu aja ali mfuti yokongola kuposa zonse, aone ngati adzasekenso."

Kukhola ng'ombe inalira, ndipo madzi ankadontha kuchokera m'chofinyira chatsopano chija.

"Mlandu wina ndi wanga," anatero Don Nazario. "Ndinamva kulemera kwa thabwali tsiku loyamba. Mmisiri amafunsa kumene mtengo wachokera. Ine ndinaona mizere yokongola, pakamwa n'kutseka. Safunsa anadya phula. Ndiye ngati ukufuna chikwangwani, makwerero ali kale pakhoma."

"Munati vuto likapezeka m'manja mwanu. Lapezeka m'thumba la chimanga limene ndinabwera nalo ine." Rigoberto anatembenuza kathabwa kaja m'dzanja. "Palibe njira yoti likhalepo? Kulipaka kanthu mkati?"

"Ndingalipake. Lingapirire chaka chimodzi, mwina ziwiri. Koma mvula ikamabwera mchere uzipeza potulukira, ndipo tsiku lina udzapeza chitsulo chitabooka. Sindikunamiza. Thabwa ili ndi mfuti iyi sizingakhale nyumba imodzi."

Rigoberto anayang'ana mfuti ili pansalu, mabala a dzimbiri ali poyera, ooneka ngati timatabwa tija ndendende. Mwadzidzidzi anaseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi.

"Akukana," anatero. "Mwaona, Don Nazario? Katatu konse ndawakakamiza, katatu konse akana. Ali m'manda, koma mfuti sakuifuna."

"Anali munthu wofatsa, koma akati ayi, inali ayi."

Rigoberto ananyamuka n'kulowa m'nyumba. Anabwerako ndi mpeni wa tchizi wa bambo ake, wautali, wopyapyala chifukwa chonoledwa zaka zambiri. Chigwiriro chake chinali chitasweka, chomangidwa ndi waya.

"Nanga apa angakane?"

Don Nazario anaulandira, nayeza timatabwa tija pa mpeniwo. Tinali tatifupi pang'ono, koma mmisiri anaona kale mmene angatilumikizire.

"Mpeni wa tchizi umakhala mumchere tsiku lililonse, ndipo umapukutidwa tsiku lililonse. Apa afika kwawo. Mfutiyo ndiikira thabwa lina, louma, limene ndikudziwa mayi ake ndi bambo ake. Idzakhala itatha chionetsero chisanafike."

"Chotsala cha thabwali muli nacho?"

"Chilipo chimodzi m'thumbamu. Koma mbuzi yayamba kale."

"Ndipatseni chomwecho."

Madzulo a tsiku lomwelo, nthawi imene kwa Tulio kumadzaza, Rigoberto analowa ndi kachidutswa kaja m'thumba la malaya. Amene analipo amati anatseka chitseko, n'kunena kuti aliyense amene anagwira mfuti yake n'kuseka Don Nazario satuluka asananyambite. Ananyambita onse, mmodzimmodzi, wina sopo wometera ali kumaso. Tulio ananyambita pomaliza, nati iye anadziwa kale kuti vuto ndi thabwa, kungoti sanafune kulowerera ntchito za eni. Za mbuzi Rigoberto anawauza onse atamaliza.

Mu Disembala anakwera kavalo wake wofiira, mfuti yakuda bii ili kudzanja lamanja, chogwirira chake cha thabwa wamba chitakhala pa chitsulo popanda polowa ngakhale tsitsi. Kumanzere kunali mpeni wa tchizi. Munthu wina wachikulire m'khamulo anauzindikira, nakuwa kuti, "Akuba akabwera udzawadulira tchizi?" Rigoberto anavula chipewa n'kuseka.

Koma zimenezo zinali za m'tsogolo. Loweruka lija Don Nazario atatsika basi anapeza makwerero akadali pakhoma, Doña Eduviges ataima pambali pake manja ali m'chiuno.

"Ndiye bwanji, nkhalamba yanga? Tikutsitsa kapena ndikabweze kukhola la nkhuku?"

"Undigwirire," anatero Don Nazario.

Anakwera pang'onopang'ono, sitepe imodziimodzi, chomangira masikuluwu chili m'thumba la epuloni. Lachinayi lija, ataima pansipa n'kumawerenga dzina lawo, anaona kuti sikuluwu ya kumanzere yakhwefuka ndipo chikwangwani chapendekeka. Anaimanga mpaka inalimba, napukuta fumbi pa zilembo ndi mkono wa malaya, n'kutsika kukayamba mpeni wa Don Casimiro.